Zikomo nonse amene munandinyamula mpaka digiri yatha

Abale ndi alongo, zotsatira zatuluka. Ndamaliza digiri ya educational psychology (maphunziro a kaganizidwe ndi kaphunziridwe ka ana) yomwe ndakhala ndikuphunzira pa intaneti uku ndikuphunzitsa ku pulaimale kuno ku Lusaka. Ambuye alemekezeke. Koma pepalali lili ndi dzina langa lokha, pomwe olivutikira ndi ambiri.

Ndiyambe ndi apongozi anga. Amayi, munasiya munda ku Katete n'kudzapanikizana nafe m'kanyumba ka ku Mtendere kuti adzukulu anu azidya nsima yotentha ine ndili pa Zoom. Simunafunsepo n'kamodzi komwe kuti mkazi wapabanja akulankhula ndi ndani pa foni usiku wonse. Mulungu akuonjezereni masiku. Atate a ana, fizi ndi mabandulo zinadya ndalama ya malata, inu osadandaula. Ndaona.

Chaka cha 2024 ndicho chinatsala pang'ono kundigwetsa. Kolera inatseketsa masukulu mpaka February, odwala atadzaza ku Heroes Stadium. Kenako chilala, madzi ku Kariba n'kutsika, malaiti n'kumapita pafupifupi tsiku lonse. Achimwene a pa babashopu ya pamsika, munkazula makina anu ometera pa sola kuti laputopu yanga ilowepo, kasitomala ali pampando mutu wometedwa theka. Anzanga a pagulu la WhatsApp, malaiti akabwera pakati pa usiku munkaimba foni kuti dzukani titumize asainimenti. Zikomo kwambiri.

Ena mumafunsa kuti maphunziro amenewa ndi a chiyani. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022, makalasi athu ndi odzaza, ana ena amakhala pansi mpaka pakhomo. Mwana wosawerenga timafulumira kumutcha waulesi kapena mbuli. Ife tinaphunzira kufufuza kaye: kodi akumva bwino, akuona bolodi, wadya, chinenero cha m'kalasi ndi chimene amalankhula kwawo, kapena zilembo zimamusokonekera monga zimachitikira ana a dyslexia?

Apa ndithokoze aphunzitsi athu amene anatiwerengetsa kafukufuku wa Pulofesa Robert Serpell wa ku University of Zambia. M'zaka za m'ma 1970 iwo anayerekeza ana a ku Zambia ndi a ku England pa ntchito yokopera zithunzi. Pa pensulo ndi pepala, a ku England anapambana. Atapatsidwa waya, ana athu anawasiya kutali. Pa dongo anafanana. Ndiye kuti mayeso amayesanso chimene manja a mwana anazolowera, osati nzeru zokha. M'kalasi mwanga muli mnyamata amene kukopera za pa bolodi kumamutengera piriyodi yonse, koma galimoto yake ya waya ili ndi chiwongolero chokhota ndi matayala a zitini za polishi. Ndinayamba kumupinditsa zilembo ndi waya womwewo, ndipo b ndi d zasiya kumuzunguza. Amayi ake, zikomo pondikhulupirira.

Kwa amene mwandidzadzira inbox za ntchito: njira zilipo. Ambiri timalowa ku guidance and counselling, ntchito yopereka uphungu kwa ana m'masukulu, ndipo kumeneko ntchito ndi yosatha. Atsikana obwerera ku sukulu atabereka, monga ndondomeko ya boma ya 1997 imalolera, amafuna wowalandira. Chikwapu nacho chinaletsedwa, lamulo loteteza ana la Children's Code Act la 2022 linatsindika, choncho aphunzitsi akusowa wowaonetsa njira zina zolangizira mwana. Ena amapita ku maphunziro a ana olumala, ena kokonza silabasi ndi mayeso, ena ku mabungwe oona za ana. Koma musanalipire ngwee imodzi pa sukulu ya pa intaneti, fufuzani ku Higher Education Authority ngati ndi yolembetsedwa, ndipo ikakhala yakunja funsani ku ZAQA, bungwe lotsimikizira mapepala a maphunziro, ngati pepala lake adzalivomereza. Ndinenenso kuti sindine dokotala, anansi anga, za BP pitani nazo ku kiliniki.

A hedi, munkandisinthira mapiriyodi nthawi ya mayeso, ndipo tsopano mwandipatsa ofesi ya guidance kuyambira temu ikubwerayi. Ndikuthokoza, ngakhale kachipindako kakufunika chitseko, chifukwa mwana sangaulule zakukhosi anzake akusuzumira.

Lamlungu tikaweruka mapemphero, nonse bwerani kunyumba. Apongozi afulula kale thobwa.