Diso latsopano la PlayStation 2 linakana kugwira ntchito

PlayStation 2 yanga ndi ija yonenepa, SCPH-39004, yomwe achimwene anandisiyira popita ku Joni. Matenda ake anayamba pang'onopang'ono. Ndikaika diski, imangolira kuti tcheke tcheke, kenako pa TV n'kubwera mawu aja oti "Disc Read Error". Madiski abuluu kunsi, omwe ndi ma CD, inkawerenga bwinobwino. Asiliva, omwe ndi ma DVD, inkawakana, ndipo gemu yanga ya mpira ili pa oterowo. M'diso la makinawa, lomwe ndi kachipangizo kowerenga diski, muli tinyali tiwiri ta leza (kuwala kowerengera diskiyo), kena ka CD kena ka DVD, ndiye kamodzi kamatha kufooka kanzake kadakali kamphamvu.

Ndinayamba ndazula chingwe kukhoma, chifukwa mu yonenepayi bolodi ya magetsi ili m'kati momwemo, kusiyana ndi yopyapyala ija inatuluka mu 2004 yokhala ndi adaputala panja. Masikuluu ali kunsi, obisika ndi timapira ndi tizivundikiro tapulasitiki. Ena ndi aatali, ena aafupi, choncho ndinawabaya pa katoni, lililonse moyang'anana ndi bowo lake. Chivundikiro musachinyamule mwachangu. Pali kariboni kopyapyala kochokera pa mabatani oyatsira ndi otsegulira thireyi, kakaduka mwadzionjezera ntchito ina.

M'kati munali fumbi la zaka zambiri. Nditamasula kachivundikiro ka pamwamba pa thireyi, diso linaonekera, kagalasi kochepa ngati nyemba. Ndinanyowetsa thonje la m'makutu ndi isopropyl alcohol, mankhwala amadzi opukutira zipangizo zamagetsi, n'kulipukuta mosakanikiza, chifukwa kagalasiko kamalendewera pa timawaya tofewa. Tinjanji tomwe diso limayendapo tinali touma, ndinatipaka girisi pang'ono. Pali giya yoyera yomwe imasintha kapendekedwe ka diso. Ndinailemba kaye ndi maka pomwe inali, kenako n'kumaisuntha dzino limodzi limodzi ndikuyesa. Poyesa, kachivundikiro kaja kayenera kubwerera, chifukwa mpamene pali chogwira diski kuti izungulire.

Inawerenga masiku atatu, n'kubwerera ku zake zija.

Pa diso pali tizitsulo tiwiri topotokola toonjezera mphamvu ya leza. Anzanga ena amathamangira tomweto, koma ine ndimaona ngati n'kukwapula bulu wotopa: ayenda lero, mawa agona. Ndinawerenga nambala ya pa diso, KHS-400C, n'kuwatumizira achimwene pa WhatsApp. Patapita milungu itatu diso latsopano linafika ndi munthu wa pa basi.

Kusintha sikunavute. Ndinamasula njanji, n'kukweza kaloko ka riboni ya diso ndi chikhadabo, n'kusamutsa kadzanja kapulasitiki komwe kamaluma chitsulo chozungulira cha mota, kuchoka pa diso lakale kupita pa latsopano. Nditatseka zonse n'kuyatsa, zii. Ngakhale ma CD aja omwe ankatheka anakanika. Usiku umenewo ndinawatumizira achimwene uthenga wautali wowauza kuti wogulitsayo wawabera, ndi mawu ena omwe sindingawalembe pano.

M'mawa ndinaika maso awiriwo pamodzi pawindo kuti ndione kusiyana kwake. Pa kabolodi ka latsopano panali kadontho ka mtovu kolumikiza timalo tiwiri, pomwe pa lakale timalo timeneti tinali tosalumikizana. Kadonthoko amakaika dala kufakitale kuti magetsi a m'manja mwa munthu asaphe leza lisanafike kwa mwini wake, ndipo kakadalipo, leza siyaka. Ndinabwereka soldering iron, chitsulo chosungunulira mtovu, kwa mnyamata wokonza mafoni pamsika, n'kukhudza kadonthoko masekondi awiri, mtovu n'kumamatira kunsonga. Ndinayang'anitsitsa ndi tochi ya foni ngati pasala kaulusi ka mtovu pakati pake. Panalibe.

Ndinabwezera giya yoyera pa chizindikiro changa chija, n'kuika diski yasiliva. Inazungulira mwakachetechete, dzina la PlayStation 2 n'kutulukira pa TV. Uthenga wopepesa ndinatumiza madzulo, achimwene anangoyankha kuti ndalama ya basi ndibweze ndekha.