Mmene ndinasankhira motherboard ndi processor zatsopano ndili ku Kasungu

Kompyuta yanga yosewerera magemu inali ndi processor (ubongo wa kompyuta) ya Intel Core i5-7400 ya mu 2017, ndipo inayamba kudodoma m'magemu atsopano, makamaka pamene anthu ndi magalimoto achuluka pa sikirini. Ndisanagule kanthu, ndinafuna kudziwa chipangizo chenicheni chimene chinkalephera. Ndinatsegula Task Manager, pulogalamu ya Windows yoonetsa mmene zipangizo zikugwirira ntchito, gemu ili mkati, ndipo ndinapeza processor ikugwira ntchito pa 100 peresenti pamene graphics card (chipangizo chotulutsa zithunzi) yanga, GTX 1660 Super, inali isanatope n'komwe. Ma core (timagawo togwira ntchito) anayi a processor ija ndiwo anali atachepa.

Poyamba ndinaganiza zongosintha processor yokha n'kuika i5-8400 ya ma core 6, popeza soketi yake (malo amene processor imalowa) imatchedwanso LGA1151 ngati ya yakale ija. Izi sizitheka, chifukwa ma processor a m'badwo wa 8, monga i5-8400, amafuna motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse) ya gulu la 300, pamene yanga inali ya H110. Komanso Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo i5-7400 sili pa mndandanda wa ma processor ovomerezeka a Windows 11. Processor ndi motherboard zinayenera kusinthidwa limodzi.

Chimene chinanditsogolera pa chisankho chonse ndi RAM (memore ya kompyuta) imene ndinali nayo kale, 16GB ya DDR4-3200, yomwe motherboard yakale inkangoiyendetsa pa liwiro la 2400 m'malo mwa 3200. Soketi ya AM5, imene AMD inatulutsa mu 2022, ili ndi tsogolo lalitali, koma imalandira DDR5 yokha, kutanthauza kuti ndikanagula zinthu zitatu m'malo mwa ziwiri. Kwa munthu amene akumanga kompyuta kuyambira pachiyambi ndinganene kuti apite komweko, koma kwa ine kutaya RAM yabwinobwino kukanakhala kuwononga ndalama. Zinatsala njira ziwiri: Core i5-12400F pa motherboard ya LGA1700 yolandira DDR4, kapena Ryzen 5 5600 pa soketi ya AM4. Onse awiriwa ali ndi ma core 6 ndi ma thread 12 (ntchito zimene angagwire pa nthawi imodzi), amawerengedwa pa 65W, ndipo m'magemu sasiyana kwenikweni. Ndinatenga Ryzen chifukwa ndinaipeza pa mtengo wotsikirapo, imabwera ndi fani yake ya Wraith Stealth, ndiponso m'tsogolo muno ndingathe kuika Ryzen 7 5700X3D, ya cache (memore yothamanga ya mkati mwa processor) ya 96MB, pa motherboard yomweyo.

Pa motherboard ndi pamene ndinaganizira nthawi yaitali. Ya B450 ndi yotsika mtengo ndipo imagwira ntchito ndi Ryzen 5 5600, koma yakale imafuna kuti BIOS yake (pulogalamu ya pa motherboard yoyatsira kompyuta) isinthidwe kaye, ndipo magetsi akazima ntchito imeneyi ili mkati, motherboard ikhoza osayakanso. Aliyense wokhala kuno adziwa kuti nkhawa imeneyi si yongopeka. Choncho ndinafuna ya B550 yokhala ndi batani lolembera BIOS kuchokera pa fulashi popanda processor, lomwe a Gigabyte amalitcha Q-Flash Plus ndipo a ASUS amaliti BIOS FlashBack. Ndinawerenganso mndandanda wa ma processor ovomerezeka pa webusaiti ya kampani yopanga motherboardyo, popeza ma B550 oyambirira anatuluka mu 2020 Ryzen 5000 isanabwere. Ndinakana imene inalibe zitsulo zoziziritsira pa VRM, mbali imene imapereka mphamvu ku processor, chifukwa kutentha kwa Okutobala ndi Novembala ku Kasungu, pamodzi ndi fumbi lotseka mafani, sikuchitira chifundo zipangizo zotere. Kesi yanga ndi yaing'ono, motero ndinasankha ya microATX, ya 244mm mbali zonse.

Zipangizozi ndinakagula ku Lilongwe, ndipo popeza kubweza katundu kukanafuna ulendo wina pa msewu wa M1, ndinanyamula RAM ndi graphics card yanga kuti tikayesere komweko, pakuti Ryzen 5 5600 payokha siitulutsa chithunzi. Ndinauza wogulitsa kuti, "Achimwene, tiyeni tiiyatse pompano ndisanalipire." Ndinayang'ananso mapini ake powala, chifukwa pa AM4 mapini amakhala pa processor ndipo sachedwa kupindika.

Kumanga sikunavute: kachizindikiro ka makona atatu pa processor kamalunjika ku kofanana nako pa soketi, RAM yonse iwiri inalowa mu A2 ndi B2 monga buku la motherboard likunenera, kenako mawaya a 24-pin ndi 8-pin. Mu BIOS ndinayatsa XMP kuti RAM ifike pa 3200, ndi fTPM, mbali ya chitetezo imene Windows 11 imafuna. Layisensi ya Windows ndinali nditailumikiza kale ku akaunti yanga ya Microsoft ndisanamasule kompyuta, ndipo inabwerera kudzera mu Activation troubleshooter, chida cha Windows chokonzera mavuto a layisensi. Tsopano graphics card ndi imene imafika pa 100 peresenti m'magemu, ndipo ndalama zotsatira ndikusungira kaye UPS, batire loteteza kompyuta magetsi akazima.