Amene anatisankha ndi mmodzi

Asilamu anzanga, Surah Al-Hajj ayah 78 imanena kuti Allah ndiye anatisankha. Chikhulupiriro sitinachigule, ndipo sitinapatsidwe chifukwa cha mtundu wathu kapena dzina la banja. Nanga Msilamu angamunyoze bwanji mnzake amene Allah yemweyo anamusankha?

Ku Madina, mafuko a Aws ndi Khazraj anamenyana zaka zambiri, mpaka anaphana koopsa pa nkhondo ya Bu'ath, koma atalowa Chisilamu anakhala abale. Surah Al-Anfal ayah 63 ikuti ngakhale Mtumiki Muhammad (SAW) akanapereka zonse za padziko lapansi, sakanalumikiza mitima ya okhulupirira. Allah ndiye anailumikiza.

Vuto lathu ndi lakuti kusankhidwako timakusandutsa chodzikwezera. Wina akasiyana nafe pa za zikiri kumaliro, kapena pa tsiku la Eid chifukwa cha kuoneka kwa mwezi, timaleka kumulonjera, mwinanso kukana kuswali pambuyo pake. Zimenezi zimandiwawa mumtima, pakuti Qibla (komwe timayang'ana poswali) ndi imodzi ndipo Swala ndi zisanu zomwezo.

Malire anaikidwa momveka bwino. Kunyanyalitsana kusapitirire masiku atatu, ndipo wabwino mwa awiriwo ndi amene wayamba kupereka salamu. Lolemba ndi Lachinayi ntchito zathu zimaperekedwa kwa Allah, koma anthu awiri osungirana chidani chikhululuko chawo chimaimitsidwa mpaka atayanjana. Pa Swala yambani mwadzaza mzere wakutsogolo, mapewa agundane, pasatsale mpata. Mukasiyana maganizo, pitani nayo nkhaniyo kwa mashehe Swala ikatha, osati kukalalatirana pa WhatsApp.