Linga la mchenga la ku Wilmington

Loweruka ndinali pamzere wa mafuta ku Limbe kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndikuwerenga pa foni za Fort Fisher, linga lomwe linkalondera doko la Wilmington ku America. Nkhaniyi inandigwira mtima chifukwa ife timadziwa kufunika kwa doko: sitima ikachedwa ku Beira kapena ku Nacala, kuno matanki amauma.

Pankhondo yapachiweniweni ya ku America, Wilmington ndilo linali doko lalikulu lomaliza la akummwera, aja ankakakamira ukapolo. Sitima zaliwiro zinkazemba usiku sitima zankhondo za akumpoto zomwe zinatchinga dokoli, zitanyamula thonje kupita ku Bermuda ndi Nassau, n'kubwerako ndi mfuti, nsapato ndi mankhwala. Linga lolondera dokoli linali la mchenga ndi dothi, moti zipolopolo za mizinga zinkangomiramo.

Mu Disembala 1864, akumpoto, potsatira nzeru za mkulu wa asilikali Benjamin Butler, anaphulitsa sitima yodzaza wonga pafupi nalo, koma linga silinagwedezeke n'komwe. Mu Januwale 1865, akuluakulu ena a nkhondo a akumpoto, Alfred Terry wa asilikali apamtunda ndi David Porter wa apamadzi, anabwera ndi mphamvu, ndipo pa 15 anaukira. Ondimvetsa chisoni ndi amalinyero ndi anzawo, pafupifupi 2,000, omwe anathamangira lingalo pamchenga pambalambanda, m'manja muli malupanga ndi timfuti tating'ono. Ambiri anagwera pomwepo. Komabe akummwera am'lingamo atatembenukira kwa iwo, asilikali apamtunda analowera mbali ya mtsinje wa Cape Fear, kwinaku asilikali akuda akutchinga kumpoto kuti thandizo la akummwera lisafike. Usiku womwewo linga linagwa, Wilmington n'kutsatira mu Febuluwale.

Nditayandikira pampu, mnyamata wothira mafuta anandikodola. "Pepani bambo, dizilo watha. Mwina tankala ifika Lolemba."