Zikomo kwa Amayi, kwa anzanga a mu labu, komanso kwa Mayi Okazaki a ku Nagoya

Lachisanu lapitali ndinaima pamaso pa aphunzitsi anayi n'kuyankha mafunso awo kwa maola awiri ndi theka, ndipo pomaliza anandiuza kuti ndakhoza. PhD ija yatheka. Ndinatuluka miyendo ikunjenjemera, ndinakakhala pamasitepe n'kuimbira Amayi foni. Tinangolira tonse awiri, osayankhula kanthu.

Ambiri mukudziwa kuti bambo a ana anga anatisiya ndili m'chaka chachiwiri cha maphunzirowa. Pochoka kumanda ndinali nditatsimikiza kale mumtima kuti sukulu yathera pomwepo. Amayi, munali inu amene munandikhazika pamkeka usiku uja anthu atabalalika, n'kundiuza kuti ana ndikusiyireni, ine ndibwerere ndikamalize. Mwalera zidzukulu ziwiri zaka zitatu, nyamakazi ikukuvutani, osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Apongozi anga, munali pa chisoni cha mwana wanu, komabe munandidalitsa ulendo. Alamu, fizi ya ana simunaphonyepo teremu. Mulungu akubwezereni pomwe munachotsapo.

Anzanga a mu labu kuno ku South Africa, miyezi inayi imene ndinali kumudzi munandisungira tizilombo tanga mufiriji ya madigiri 80 pansi pa ziro, zonse zolembedwa bwinobwino. Tsiku limene ndinabwerera ndinapeza mutandidzalira kale mbale zitatu za mabakiteriya a E. coli. Nditatsegula chofungatira chija cha madigiri 37, fungo lake litandiwomba kumaso, ndinadziwa kuti ntchito ikundidikira. Zikomo.

Komabe kwa masabata angapo ndinkangokhala pabenchi, manja ali lende. Ndi pamene a Pulofesa anga anandifunsa ngati ndikudziwa kuti dzina loti Okazaki, limene tonse tinaliloweza m'chaka choyamba, ndi la anthu awiri. Sindinkadziwa. Ndiloleni ndifotokoze pang'ono, chifukwa mayi ameneyu ndili naye ngongole ngakhale sitinaonanepo.

DNA ili ngati zingwe ziwiri zopotana, koma zinayang'ana kosiyana, monga anthu awiri ogona pamphasa imodzi, wina mutu kuno wina mutu uko. Bakiteriya asanagawikane amayenera kukopera zingwe zonse ziwirizi. Enzayimu (puloteni yogwira ntchito inayake m'selo) yokopera imatchedwa DNA polymerase, ndipo yoyamba anaipeza ndi Arthur Kornberg mu 1956, mu E. coli yemweyu. Vuto linali lakuti ma enzayimu onse a mtunduwu amalowera mbali imodzi yokha. Chingwe chimodzi palibe chovuta. Nanga chinzake chija choyang'ana kumbuyo chimakopedwa bwanji?

Tsuneko Okazaki ndi amuna awo a Reiji Okazaki anagwirako ntchito mu labu ya Kornberg ku Stanford, kenako anabwerera kwawo ku yunivesite ya Nagoya ku Japan. Kumeneko ankapatsa tizilombo thymidine, chimodzi mwa zomangira DNA, wokhala ndi chizindikiro cha radiyeshoni kwa masekondi owerengeka chabe, n'kuimitsa zonse mwadzidzidzi, kuti agwire DNA yongopangidwa kumene isanasinthe. Anapeza tizidutswa tatifupi, ta zilembo za DNA (timagawo timene timapanga chingwecho) pakati pa 1,000 ndi 2,000, timene lero timatchedwa tizidutswa ta Okazaki. Atagwiritsa ntchito kavairasi ka T4 kolowa m'mabakiteriya, kamene enzayimu yake yolumikiza, ligase, inali yolumala, tizidutswato tinangounjikana osalumikizidwa. Apa zinaonekeratu kuti chingwe chachiwiri chimasokedwa chidutswa ndi chidutswa, chobwerera m'mbuyo, kenako n'kulumikizidwa. Anafalitsa zimenezi mu 1968. Ine amene ndagwirapo payipeti ndikudziwa kuti kugwira chinthu cha masekondi ochepa, ndi zipangizo za nthawi imeneyo, pankafunika manja osanjenjemera ndi mtima wosatopa.

Mu 1975 a Reiji anamwalira ndi khansa ya m'magazi ali ndi zaka 44. Anali mnyamata wa ku Hiroshima pamene bomba la atomiki linagwa mu 1945. Mayi Tsuneko anatsala ndi ana awiri, ali ndi zaka 42, ndiponso ndi funso losayankhidwa: chidutswa chilichonse chimayamba bwanji, popeza polymerase siingayambe yokha popanda poyambira? Anthu ena ankakayikirabe ntchito yonseyo. Mayiwa sanatseke labu. Iwo ndi ophunzira awo anatsimikizira kuti kumayambiriro kwa chidutswa chilichonse kumakhala kachidutswa kakang'ono ka RNA, mbale wake wa DNA, ndipo anaonetsa mmene kanapangidwira. Mu 1983 anakhala pulofesa pa Nagoya pomwepo, mu 2000 analandira mphoto ya L'Oréal-UNESCO ya amayi a sayansi, ndipo mu 2021 dziko lawo linawapatsa ulemu wa Order of Culture. Zimandiwawa kuti ophunzira ambiri, monga ndinalili ine, amamaliza digiri akuganiza kuti Okazaki anali bambo mmodzi.

Ndinawerenga mbiri imeneyi usiku umodzi, m'mawa mwake ndinavala magolovesi. Sindikunena kuti chisoni chinatha. Ndinangoona kuti mayi wina, wamasiye wa ana awiri ngati ine, anadutsapo pamenepa.

Amalume amandifunsa nthawi zonse kuti kodi kwenikweni ndimafufuza chiyani, ndiye yankho nali. DNA ya E. coli ili ndi zilembo pafupifupi 4.6 miliyoni, ndipo imakopedwa pa liwiro la zilembo pafupifupi 1,000 pa sekondi mbali iliyonse, ntchito yonse n'kutha m'mphindi ngati 40. Zingwe zikamamasulidwa mwachangu chotero, kutsogolo kumapotana kwambiri ngati mmene chingwe cha khonje chimachitira ukachimasula pakati. Enzayimu yotchedwa gyrase ndi imene imachotsa kupotanako. Mankhwala a ciprofloxacin, amene ambiri munamwapo, amagwira gyrase ameneyu, kukoperako n'kuima, kachilombo n'kufa. Koma chilembo chimodzi chikasintha mu jini ya gyrA, imene imapanga mbali ina ya gyrase, mankhwala aja amayamba kulephera kugwira bwino. Ine ndakhala ndikutsata kusinthaku mu tizilombo tochokera kwa odwala matenda a m'chikhodzodzo. Odwalawo sindikuwadziwa nkhope, ndimangodziwa manambala a pamachubu, koma anavomera kuti tigwiritse ntchito zimene anapereka. Nawonso ndikuwathokoza ndi mtima wonse.

Ana anga, mwakula ndikukuonerani pafoni. Woyamba uja dzino lake loyamba linaguluka ine kulibe. Pepani, ndipo zikomo chifukwa chondidikira. Tikiti ndagula kale, ndikubwera mwezi uno usanathe. Tikadzapuma tsiku limodzi tidzapita ndi agogo kumanda kwa bambo anu, ndidzatenge buku la kafukufukuli, chifukwa patsamba loyamba ndinalembapo dzina lawo.