Dziwe la apongozi linasanduka kapinga

Apongozi anga a ku Chigumula ali ndi kadziwe ka makumba kuseri kwa khola la nkhuku, ndipo amakakonda kuposa ena mwa ana awo. Ponyamuka ulendo wa ku Johannesburg kukaona zidzukulu, makiyi anasiyira ine. "Bambo a Chikondi, nsomba muzizipatsa madeya m'mawa, madzi asaphwe. Basi."

Tsoka linalowa ndi mlamu wanga, mng'ono wawo wa mayi a Chikondi, amene akuphunzira za zomera kukoleji. Anabwera patchuthi ndi namasupuni wodzaza mabeseni awiri. Lina ankathiramo madzi a zitosi za nkhuku, linalo madzi apampopi okhaokha. Ndinamufunsa ngati masiku ano akuwaphunzitsa using'anga.

"Alamu, tamverani," anatero. "Namasupuni sadikira njere kuti abereke. Mayi amatulutsa kachingwe m'mbali, kunsonga kwake kumaphuka mwana, ndipo mwanayo amayamwa chakudya kudzera m'kachingweko. Ine ndikufuna kuona ngati mwana wa mayi wokhuta amakulabe msanga ndikamudula n'kumuika m'madzi amodzi ndi mwana wa mayi wanjala."

Kusiyana kwake kunalibe kufunsa. Wa zitosi anali wobiriwira bii, masamba onenepa, mizu yaifupi, ana mbali zonse. Wapampopi anali wachikasu, wonyentchera, mizu yaitali yofunafuna chakudya chomwe kunalibe.

Sukulu itatsegulidwa, mlamu anatenga makope ake n'kundisiyira mbewu zake. Mayi a Chikondi nawo anayamba kulira mabeseni awo ochapira. Tsono munthu wamtima wabwino akanatani, kukataya maphunziro a mwana kudzala? Ndinakhuthulira zonse m'dziwe la apongozi, okhuta kumanja, anjala kumanzere, ndipo ndinagona ndikudziona ngati pulofesa.

Dziwelo apongozi amalithira zitosi dala kuti nsomba zinenepe, komanso unali Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Namasupuni akapeza kutentha ndi chakudya amatha kuchuluka kawiri m'milungu iwiri yokha. A kumanzere anayamba mwamanyazi, kaye kuchira njala ya amayi awo. A kumanja anali atabwera ndi kamba wa kwawo, moti sanachedwe: mwana kubereka mwana, chidzukulu kubereka chidzukulu, onse atagwirana zingwe, mpaka anawoloka malire n'kuwakwera anzawo pamutu. Kenako anachita maluwa okongola okhala ndi kadontho kachikasu pakati. Amayi amvano atabwera kudzacheza anajambulitsa pomwepo. Ine ndinkangoyenda chifuwa patsogolo.

Nsomba ndinasiya kuziona, koma ndinati mwina zikudyera pansi mwaulemu. Madeya ndinkangowaza pamwamba pa masamba. Kafungo kenakake kankamveka, ndipo ndinanamizira nkhuku.

Apongozi anafika chakumadzulo mvula yoyamba itagwa kale, magetsi atathima. Asanamwe ngakhale madzi anati akaone nsomba zawo. Ine pambuyo ndi tochi ya pafoni. Anaima, anayang'ana uku, anayang'ana uko.

"Bambo a Chikondi, kapinga uyu mwabzala liti? Nanga dziwe mwalisunthira kuti?"

"Lili pompano, bambo," ndinatero ndikuponda patsogolo kuti ndiwalozere m'mphepete mwake.

Phava!

Madzi anandilekeza m'chifuwa, matope anandivula nsapato, foni inapita kukaunikira achule. Ndinavuuka duwa lili pamutu, khumba lakufa lili m'malaya.

"Mwalipeza," anatero apongozi.

Sanakuwe, ndipo ndicho chinandiwawa. Anandisiya ndili m'madzi momwemo n'kuyamba phunziro, poti iwo anakulira ku Nsanje. Anati chomerachi kwawo ndi ku Amazon, ku South America, ndipo chinafalikira m'mayiko ena chifukwa cha anthu okonda maluwa ngati ine. Chikaphimba madzi, dzuwa silifika pansi, mpweya umatha, nsomba zimabanika. Mu Shire chinatsekera asodzi njira za mabwato, ndipo ku Nkula ndi ku Tedzani chimakatsekereza polowera madzi opukusa makina a magetsi.

"M'zaka za m'ma 1990 boma linachita kuitanitsa tizilombo kunja kuti tizimudya. Inu mwamubweretsa pakhomo panga ndi beseni, n'kumamupatsanso madeya anga."

Ndinayesa kufotokoza kuti nkhani yagona pa kaleredwe, kuti a kumanzere anali ana osunga mwambo, ovuta ndi a mayi wokhuta aja. Mayi a Chikondi anaimbira mlamu kuti adzayankhe mlandu. Iye atamva mbali imene inapambana anakuwa ndi chimwemwe, n'kupempha kuti ndikalowenso ndikayeze kutalika kwa mizu. Asanadule anaonjeza kuti poti maluwa anachita kale, njere zamira m'matope, ndipo zimatha kukhala zamoyo mpaka zaka 20.

Apongozi anawerengera ndi zala mwakachetechete, kenako anandipatsa reki.

"Ndiye kuti Loweruka lililonse tizikuonani kuno mpaka Chikondi adzakwatiwe."