Tsiku limene ndinachapa chuma cha apongozi

Amayi anandilera ndi lamulo limodzi: chinthu chimene ena anagwiritsapo kale ntchito, chiviike kaye. Zovala za pa kaunjika, nsapato, ngakhale chidole, zonse zinkayamba zagona m'beseni. Lamuloli ndinapita nalo ku France nditakwatiwa, ndipo ndi lomwe linandichititsa manyazi kwa apongozi ku Lyon.

Tinapita kukadya nawo Khirisimasi. Titakhuta, apongozi anatulutsa kachikwama kokulungidwa m'pepala lofewa, kakang'ono ngati chikhatho changa koma kolemera modabwitsa. Kanali ka agogo awo, ka m'ma 1920, konse kolukidwa ndi timikanda tachitsulo, m'munsi muli mphonje. Anafotokoza, bambo akunyumba akumasulira, kuti woluka ankayamba watunga mikanda yonse pa ulusi wa silika, akuwerenga umodziumodzi kuyambira mzere womaliza wa maluwa kubwerera m'mbuyo, kenako n'kumaluka ndi tisingano toonda ngati waya. Ukangosokoneza mkanda umodzi, duwa limapotoka. Anati izi n'zamasewera poyerekeza ndi za m'ma 1700, pamene ku Paris kunali luso lotchedwa sablé, dzina lochokera ku mawu oti mchenga, chifukwa timikanda take tagalasi tinkakwana mpaka 1,000 pa kamalo ka inchi imodzi m'litali ndi m'lifupi.

Ine ndinkangoti "Eee, mayi," koma maso anali pa litsiro. Kachikwamako kanali mbuu, kakununkha m'sutikesi.

"Ukakanyamule pa phwando la chaka chatsopano, mwana wanga," anatero apongozi.

Mumtima ndinati, lero aona kuti mwana wawo anakwatira mkazi waukhondo.

Onse atagona ndinatenga beseni, madzi ofunda ndi sopo waufa. Ndinathiramonso mchere wodzaza supuni, monga timachitira ndi chitenje chatsopano kuti chisasuluke. Inde, mchere. Pa chitsulo. Sayansi ya ku sekondale ndinaisiya pa geti tsiku lomwe ndinamaliza mayeso.

M'mawa ndinapeza madzi ali ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinasangalala, ndikuti taonani litsiro la zaka 100 latuluka. Nditavuula, ndinaona kuti si litsiro, ndi dzimbiri. Apa munthu wanzeru akanaima n'kuitana akuluakulu, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinakafinya. Manja onse awiri, mopotokola, ngati thewera.

Ulusi uja unangoti phwi, mikanda n'kuti waaa m'khitchini monse. Ina pansi pa firiji, ina m'ming'alu ya matabwa, ina m'mbale ya mphaka, mphakayo n'kumaithamangitsa ngati ndamubweretsera mbewa. Bambo akunyumba analowa opanda nsapato, anaponda, anatsetsereka, anagwira chitseko, n'kundiyang'ana.

"Amayi akudziwa?"

Sanadikire yankho. Anakumbukira mwadzidzidzi kuti m'nyumbamo mulibe buledi, ulendo.

Apongozi anandipeza nditagwada, ndikutola mkanda umodziumodzi ndi chala chonyowetsa malovu, kukamwa ndikungobwereza mawu okhawo achifalansa amene ankandibwerera, "Pardon, pardon." Anayang'ana beseni. Anayang'ana paketi ya mchere. Anayang'ana kachitsulo kotsekera pakamwa pa kachikwama, komwe kanatsala m'manja mwanga tiulusi tili lendelende. Sanayankhule kanthu, ndipo ndikanakonda akanangondikalipira. Anapita pa firiji n'kumatula maginito amene ndinawabweretsera kuchokera ku Lilongwe, aja ooneka ngati mapu a Malawi, n'kugwada pambali panga. Dziko langa lonse, kuyambira Chitipa mpaka Nsanje, linadzaza mikanda yadzimbiri.

Tinatola mpaka masana, n'kuthira m'botolo la jamu. Botololo lili pa shelefu m'chipinda chochezera, ndipo mlendo aliyense amafotokozeredwa mbiri yake ine ndili pomwepo. Chaka chatha nditanyamula mbale kuti ndikatsuke, apongozi ananyamuka mwakachetechete, n'kutenga mchere uja kukautsekera m'kabati.